Kukonza ulendo wa panjinga m'mapiri akutali: werengani maola, osati makilomita

Munthu amene anazolowera kupalasa pamsewu wa phula m'chidikha, akamakonza ulendo wa kumapiri amayamba n'kugawa mtunda: makilomita 300, masiku atatu, ndiye kuti 100 patsiku. Masamu amenewa ndi amene amagoneka anthu pamtetete, madzi atatha, dzuwa litawalowera ali pakati pa chitunda. Kumapiri kilomita imanama. Imodzi ikhoza kutha m'mphindi ziwiri potsetsereka, inzake yotsatira n'kukudyerani mphindi 30 mukukankha njinga yolemedwa m'miyala. N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti tsiku lililonse la ulendo lilembedwe m'maola, ndipo pambali pa maolawo palembedwe pamene pali madzi, pamene mungagone, ndi potulukira zinthu zikavuta. Za magiya, mabuleki ndi zovala zimabwera pambuyo pake.

Chitunda chimadya nthawi yochuluka bwanji

Titenge wopalasa wa makilogalamu 70, njinga ya 14, katundu ndi madzi 16, zonse pamodzi 100. Kukweza makilogalamu 100 mamita 1,000 m'mwamba kumafuna mphamvu ya makilojulo 981. Munthu wolimba bwino koma wosachita mipikisano amatha kupereka mawati 120 mpaka 150 kwa maola angapo osalefuka. Pa mawati 150, mamita 1,000 amenewo amatenga ola limodzi ndi mphindi 50. Pa 120, maola awiri ndi mphindi 15. Apa sitinawerengere mphamvu imene imathera m'matayala pamsewu wa miyala. Mukaiphatikiza, wonyamula katundu amakwera mamita 400 mpaka 500 pa ola, ndipo akatsika n'kuyamba kukankha, 250 mpaka 300.

Masamu omwewa amaulula chinthu chimene ambiri amachikayikira. Kilogalamu imodzi yowonjezera imakuchedwetsani pafupifupi mphindi imodzi yokha pa mamita 1,000 alionse. Malita awiri a madzi ndi mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Choncho musasiye madzi, jekete lofunda kapena machubu apadera pofuna kupepuka. Kumene kulemera kumapwetekadi ndi ponyamula njinga paphewa, poidumphitsa mpanda ndi poiwolotsa mtsinje, ndipo zimenezi zimathetsedwa posankha njira bwino, osati potaya zinthu zoteteza moyo.

Powerengera tsiku, gawani njirayo malinga ndi mtundu wa nthaka. Paphula werengani makilomita 18 pa ola, pamsewu wa fumbi wosalala 12 mpaka 14, pamsewu wokumbika wa miyala 7 mpaka 9, pokankha 2 kapena 3. Mukapeza maola a zigawo zonse, onjezerani ola limodzi pa mamita 400 alionse okwera. Kenako onjezeraninso gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yonseyo: kudya, kusefa madzi, kuvala ndi kuvula, kuona mapu. Nachi chitsanzo. Tsiku la makilomita 55, pamene 25 ndi msewu wosalala, 27 wokumbika, atatu okankha, ndipo kukwera konse ndi mamita 1,200. Chigawo choyamba ndi maola awiri, chachiwiri atatu ndi theka, chachitatu ola ndi mphindi 15, chitunda maola atatu. Zonse pamodzi zayandikira maola 10, ndipo ndi zoimaima zija zafika pafupifupi 12. Papepala ndi makilomita 55 okha, koma si tsiku limodzi limenelo. Liduleni pawiri, kapena chotsani chitunda chimodzi.

Tsiku labwino ndi la maola 6 kapena 7 a kuyenda, lofika pogona kutatsala maola awiri kuti dzuwa lilowe. Maola awiri amenewo ndi a tayala lophulika, njira yosokera ndi mlatho wokokoloka. Manambalawa ndi poyambira chabe. Musananyamuke, pakirani katundu yense, kwerani chitunda cha mamita 500 muli ndi wotchi, ndipo mugwiritse ntchito nambala yanuyo. Ngati muli gulu, gwiritsani ntchito ya amene ali wochedwa kuposa onse.

Mzere wa pamapu si msewu

Mapulogalamu okonzera njira, monga Komoot, Ride with GPS, OsmAnd ndi BRouter, amadalira kwambiri OpenStreetMap, mapu amene anayamba mu 2004 ndipo amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka. M'matauni mapuwa ndi olondola kwambiri. Kumapiri akutali, mzere wina unajambulidwa ndi munthu amene anangoona chithunzi cha pa setilaiti ali pakompyuta, osapondako phazi. Pulogalamu siidziwa zimenezo. Ikaona mizere iwiri ikukumana, imakudutsitsani.

Choncho tsegulani zolembedwa za mzere uliwonse pa OpenStreetMap. Chizindikiro cha tracktype chimayambira grade1, msewu wolimba, kufika grade5, kanjira ka udzu kapena dothi lofewa kopanda miyala yothira. Cha surface chimanena ngati ndi miyala, mchenga kapena dothi. Cha mtb:scale, chonena kuvuta kwa njira pa njinga, chimayambira 0 kufika 6, ndipo ndi njinga ya katundu, chilichonse chopitirira 1 muchiwerenge ngati chokankha. Pamene palembedwa ford=yes palibe mlatho, muwoloka m'madzi. Mzere umene ulibe chizindikiro chilichonse muuwerenge ngati woipa kufikira mutapeza umboni wina.

Umboniwo uli m'zithunzi za pa setilaiti. Kulitsani chithunzi mpaka muone ngati pali mikwasa iwiri ya matayala a galimoto kapena kanjira kamodzi ka ziweto. Pamtsinje funani mthunzi wa mlatho. Ngati msewu ukungolowa m'madzi tsidya lino n'kutulukira tsidya lina, yembekezerani kunyowa. Onaninso chaka cha chithunzicho, chifukwa msewu wa m'phiri ukhoza kudulidwa ndi mvula ya usiku umodzi. Google Earth imalola kubwerera ku zithunzi za zaka zam'mbuyo, ndipo mukaona msewu ukuzimiririka chaka ndi chaka, dziwani kuti unasiyidwa. Zithunzi za Sentinel-2 ndi zaulere, zimajambulidwa pafupifupi masiku asanu alionse, ndipo kadontho kamodzi kamaimira mamita 10. Sizionetsa kanjira, koma zimaonetsa bwino ngati chipale chofewa chidakali pampata wa phiri kapena ngati dambo lasefukira.

Kutsetsereka kwa malo kumafuna maso anuanu. Mapulogalamu ambiri amatenga kutalika kwa nthaka ku miyeso ya m'mlengalenga monga ya SRTM ya chaka cha 2000, imene imapereka nambala imodzi pa mamita 30 alionse. M'chigwembe chopapatiza, pamene msewu wamatirira kuphompho, nambalayo imatha kugwera pathanthwe la pamwamba kapena mumtsinje pansi, ndiye pulogalamu imaonetsa zitunda zimene kulibe, kapena kusalaza zimene zilipo. Avereji nayo imabisa zambiri. Chitunda cha makilomita 10 cholembedwa 6 peresenti (kukwera mamita 6 pa 100 alionse) chikhoza kukhala ndi makilomita awiri athyathyathya ndi imodzi ya 18 peresenti. Pamapu a 1:50,000, masentimita awiri ndi kilomita imodzi, ndiye kuti milimita imodzi ndi mamita 50. Ngati mizere ya kontuwa, yolumikiza malo okwera mofanana, imasiyana mamita 10 m'mwamba ndipo papepala yatalikirana mamilimita awiri, pamenepo ndi 10 peresenti; ikayandikana kufika milimita imodzi, ndi 20. Onani kaye m'mphepete mwa mapu, chifukwa ena amasiyanitsa mizereyi ndi mamita 20, ena 40. Pamiyala yosagwirana, njinga ya katundu ikafika pa 12 mpaka 15 peresenti tayala lakumbuyo limayamba kupala pansi, ndipo ambiri amatsika.

Mukamaliza zonsezi, funsani anthu okhala kuderalo kapena amene adutsako posachedwa. Safunsa anadya phula. Koma funso liyenera kukhala loyankhika. Mukafunsa kuti "njinga ingadutse?" aliyense amayankha malinga ndi njinga imene ili m'mutu mwake. Funsani kuti galimoto inadutsa liti komaliza, wapansi amatenga maola angati kukafika kumpata, madzi a mumtsinje akulekeza pati sabata ino, ndiponso ngati kasupe wa pamapu uja akutulukabe.

Muyambire mbali iti

Mpata wa phiri nthawi zambiri umakhala ndi mbali yaitali yokwera pang'onopang'ono ndi mbali yaifupi yoimirira. Kwerani mbali imene mungathe kupalasa, mutsikire yoimirirayo, pokhapokha ngati ili ya miyala ikuluikulu imene mungakankhe ngakhale potsika. Kukakhala kowala bwino, mphepo ya m'chigwa imakonda kuwomba chokwera masana ndipo usiku imatsika, choncho wokwera chigwa masana imamukankha kumsana, wotsika imamuwomba kumaso. Chipale ndi matope zimachedwa kuuma kumbali imene sikuwomba dzuwa: kumpoto kwa phiri m'mayiko a kumpoto kwa equator, kum'mwera kwa phiri m'mayiko a kum'mwera.

Chigawo chovuta kwambiri chisakhale tsiku loyamba, thupi lisanazolowere, ndipo chisakhalenso tsiku lomaliza pamene muli ndi basi kapena sitima yoti mukaipeze. Munthu wothamangira nthawi ndi amene amawoloka mtsinje wosayenera kuwoloka.

Za malamulo n'zachidule koma n'zosadumphika. Ku Scotland lamulo la 2003 limalola njinga kudutsa pafupifupi paliponse bola munthu asawononge, ndipo n'chifukwa chake misewu yakale ya asilikali, monga wa pa Corrieyairack umene unamangidwa mu 1731 n'kukwera kufika mamita pafupifupi 770, imapalasidwa momasuka. Ku United States, m'madera otetezedwa ndi lamulo la Wilderness Act la 1964 njinga siloledwa. Msewu wa Pamir ku Tajikistan umafuna chilolezo cholowera dera la Gorno-Badakhshan (GBAO), limene msewuwo umadutsamo. Pa Sani Pass, pakati pa South Africa ndi Lesotho, zipata za m'malire zimatsekedwa madzulo, ndiye kuchedwa pachitunda ndi kugona kunja kwa chipata. Misewu ya m'mapiri ya pakati pa Iceland, imene manambala ake amayamba ndi F, imatsegulidwa m'chilimwe chokha, chipale chikasungunuka. Fufuzani za dera lanu musanajambule mzere.

Madzi ndi potulukira

Lembani malo onse a madzi pamodzi ndi ola limene mukuyembekeza kufikapo. Wopalasa amamwa theka la lita mpaka mamililita 750 pa ola, kukatentha kupitirira apo, ndipo pogona pamafunika malita ena awiri kapena atatu ophikira, akumwa usiku ndi oyambira m'mawa. Tsiku la maola 7 lothera pamalo ouma limafuna malita 6 mpaka 8. Timizere ta buluu todukaduka pamapu ndi mitsinje ya nyengo ya mvula yokha. Kumalo a miyala ya laimu madzi amalowa pansi, moti mukhoza kuyenda tsiku lonse m'dera la mvula yambiri osaona kamtsinje. Pamsana pa phiri sipakhala madzi. Tungani musanayambe kukwera. Pa gwero lililonse limene mukulidalira, dziwani lina lachiwiri, ndipo musafike pa loyambalo mabotolo ali gwa, opanda ngakhale lita imodzi.

Sefa ya mabowo a maikuloni 0.1 kapena 0.2 imachotsa mabakiteriya ndi tizilombo monga Giardia, koma siichotsa mavairasi, choncho kumunsi kwa midzi onjezerani mankhwala kapena wiritsani. Mapiritsi a chlorine dioxide amafuna mphindi 30, koma kuti aphe tizilombo ta Cryptosporidium amafuna maola anayi. Powiritsa, mphindi imodzi madzi akubwadamuka ndi yokwanira, ndipo pamwamba pa mamita 2,000 zikhale zitatu, chifukwa kumeneko madzi amawira asanafike madigiri 100. Pa mamita 3,000 amawira pa 90. Chimene chimapha sefa mwakachetechete ndi chisanu. Madzi otsalira m'timachubu take akaundana amating'amba, kunja osaoneka chilichonse, ndipo imapitiriza kutulutsa madzi oyera m'maso koma osasefedwa. Usiku wozizira igoneni nayo m'thumba logonamo.

Chakudya werengani magalamu 30 mpaka 60 a makabohaidireti pa ola lililonse la kupalasa, kuwonjezera pa cham'mawa ndi chamadzulo, ndipo nyamulani cha tsiku limodzi lapadera chimene sichifuna moto.

Tsopano potulukira, pamene ineyo ndimapaona kuti ndi pamtima pa dongosolo lonse. Pa tsiku lililonse ikani chizindikiro pamalo onse amene njira ina imapatuka kutsikira ku msewu wa magalimoto kapena kumudzi, ndipo lembani maola ake, poyamba mukupalasa, kenako mukuyenda wapansi. Nambala yachiwiriyo ndiyo yofunika, chifukwa tsiku limene mudzafune kutuluka mwina ndi tsiku limene njinga yathyoka. Makilomita 30 amene mukanawapalasa maola atatu ndi maola 10 mpaka 15 mukukankha. Pezani malo a paulendo wonse amene ali kutali kwambiri ndi thandizo, ndipo dzifunseni moona mtima ngati chakudya, madzi ndi zofunda zimene muli nazo zingakufikitseni kunja kuchokera pamenepo. Ngati yankho ndi ayi, sinthani njira kapena onjezerani katundu.

Pa mpata uliwonse ikani ola lobwererera: "ndikapanda kufika pamphambano yakuti pofika 11 koloko, nditsikira njira ya kumanzere." Lilembeni muli kunyumba, mutakhuta, mutu uli bwino. Munthu wotopa amene akuona mpata uli pafupi amadzinyenga mosavuta.

Thupi pamalo okwera

Kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Ngati m'chigwa muli madigiri 22, pampata wokwera mamita 1,500 kuposa chigwacho pali 12, mphepo tisanaiwerengere. Ngozi siili pokwera, pamene thupi likutentha, koma potsika. Malaya anyowa ndi thukuta, miyendo yasiya kugwira ntchito, mphepo ya makilomita 40 pa ola ikuwomba pachifuwa. Pakatha mphindi 10 zala zimachita dzanzi, osamvanso chogwirira buleki. Mukafika pampata, musanajambule chithunzi, vulani malaya onyowa, valani ouma, jekete lotchinga mphepo ndi magolovesi aatali. Pewani zovala za thonje, zimasunga madzi. Mnzanu akayamba kunjenjemera kosalekeza, kulankhula mokoka lilime kapena kulephera kutseka zipi, thupi lake lazizira mopitirira: imani pobisika, m'vekeni zouma, m'patseni chakumwa chotentha chotsekemera ngati akutha kumeza bwino.

Matenda a kumalo okwera amayamba kuoneka pamwamba pa mamita 2,500: mutu, nseru, kusowa tulo, kusafuna kudya. Madokotala a zakumapiri amalangiza kuti mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi mupume tsiku limodzi. Chowerengedwa ndi pamene mwagona, osati pamene mwadutsa masana. Wopalasa msewu wa Pamir amadutsa mpata wa Ak-Baital pa mamita 4,655, koma amakonza kuti akagone kumunsi. Zizindikiro zikayamba musakwerenso. Munthu akamapuma movutikira ali chikhalire, akamatsokomola makhololo a thovu, akamadzandira kapena kusokonezeka mutu, atsike nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mamita 500 mpaka 1,000. Kulimba thupi sikuteteza ku matendawa. Za mankhwala monga acetazolamide kambiranani ndi dokotala musananyamuke.

M'mapiri ambiri mvula ya mabingu imakonzeka masana, ndiye nyamukani m'bandakucha kuti mudutse pamwamba dzuwa lisanafike paliwombo. Mukaona ching'aning'ani werengani masekondi kufikira bingu: atatu alionse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, chokani pamsana pa phiri ndi pansi pa mtengo woima wokha, siyani njinga patali, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Pamtsinje, madzi othamanga opitirira m'mawondo musawoloke. Yendani m'mbali kufuna pamene mtsinje watambasuka kapena wagawika timitsinje, osati popapatiza, ndipo onani chimene chili kumunsi ngati mutagwa. Mitsinje yochokera ku chipale chosungunuka imaphwera m'mamawa n'kudzaza madzulo. Ya mvula imatha kuphwera mukadikira maola ochepa. Wolokani katatu: koyamba opanda kanthu muli ndi ndodo, kachiwiri ndi zikwama, kachitatu ndi njinga, ili kumunsi kwa thupi lanu kuti madzi akaikoka isakugwetseni. Nsapato musavule. Inyamuleni njingayo kuti mahabu (zitsulo za pakati pa magudumu) asamire, chifukwa madzi akalowa m'mabering'i amatsuka girizi, ndipo patatha masiku awiri mumayamba kumva kukukuta.

Njinga yake

Magiya ndiwo oyamba. Gawani mano a giya yaing'ono yakutsogolo ndi mano a giya yaikulu yakumbuyo, n'kuchulukitsa ndi kuzungulira kwa tayala. Mano 22 kutsogolo ndi 36 kumbuyo, pa tayala lozungulira mamita 2.3, amakuyendetsani mamita 1.4 mukapalasa kamodzi, ndiye pa maulendo 60 pa mphindi mukuyenda makilomita 5 pa ola. Imeneyo ndi giya ya kumapiri. Mano 34 ndi 32 a njinga zambiri za pamsewu amapereka mamita opitirira 2.2, ndipo ndi katundu pa 10 peresenti mawondo amayamba kulira ola lisanathe. Funani mamita 1.5 kapena kucheperapo. Palibe amene anadandaulapo kuti giya yamupepukira pachitunda.

Mabuleki amafa ndi kutentha. Makilojulo 981 amene munawasonkhanitsa pokwera aja, potsika pang'onopang'ono pamsewu wokhotakhota ambiri mwa iwo amasanduka moto m'mabuleki. Mukagwira pang'ono osalekeza, mapadi amawalitsidwa n'kuleka kuluma, mafuta a buleki amatha kuwira chogwirira n'kufika pahandulo chili lobodo, ndipo pa mabuleki ogwira limu, limuyo imatentha mpaka kuphulitsa tayala. Gwirani mwamphamvu kwa masekondi ochepa, lekani, gwiraninso, ndipo pachitsetse chachitali imani mukatsika mamita 300 kapena 400 alionse kuti azizire. Disiki ya mamilimita 180 kutsogolo ndi yoyenera katundu. Mapadi achitsulo amapirira matope ndi kutentha kuposa a resin, amene mchenga wonyowa ukhoza kuwamaliza tsiku limodzi, koma onani kaye ngati disiki yanu imalola achitsulo. Nyamukani ndi atsopano, tengani mapeya awiri apadera, ndipo sinthani akatsala theka la milimita.

Matayala akhale a mamilimita 50 kupita m'tsogolo, a m'mbali molimba. Opanda machubu amathandiza kwambiri paminga ndipo amalola mpweya wochepa, umene umagwira bwino pamiyala. M'matayala otere thirani madzi atsopano omatira otseka mabowo, mamililita 90 mpaka 120 pa tayala lalikulu, chifukwa amauma pakatha miyezi ingapo. Tenganibe machubu awiri, zigamba, guluu wosatsegula, tizingwe totsekera mabowo, ndi kachidutswa ka tayala lakale kotchingira mkati likang'ambika m'mbali. Matope a makande akayamba kumata, imani msanga. Amadzaza pakati pa tayala ndi felemu mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo mukaumiriza, tcheni chimakoka chosinthira magiya chakumbuyo n'kuchilowetsa m'masipoko. Palani ndi kamtengo, nyamulani njinga, kapena dikirani dzuwa.

Pachifukwa chomwecho tengani kachitsulo kopachikapo chosinthira magiya, kamene amakanika amati hanger. Kanapangidwa kuti kazithyoka m'malo mwa felemu, ndipo felemu iliyonse ili ndi mtundu wake, moti simungakapeze panjira. Onjezerani chodulira tcheni, timfundo tiwiri tolumikizira togwirizana ndi chiwerengero cha magiya anu, waya wa magiya, masipoko atatu a muyeso wa gudumu lanu, pampu imene mwaiyesa, mafuta a tcheni, tepi wolimba ndi tizingwe ta pulasitiki tomangira. Chinthu chimene chimamasuka kawirikawiri pamsewu wa mabampu ndi mabawuti a kaliyala, a M5 pa njinga zambiri. Limodzi likagwa, linzake limasenza katundu yense n'kudukira m'kati mwa bowo, ndipo limenelo simungalitulutse kutchire. Pakani mankhwala abuluu omatira mabawuti, tengani anayi apadera, ndipo m'mawa uliwonse yesani lililonse ndi sipanala. Ntchito yaikulu pa njinga ichitike kutatsala masabata awiri, kuti zimene zamangidwa molakwika zionekere pafupi ndi kwanu.

Foni, mapu ndi munthu wotsala kunyumba

Sungani fayilo ya njira yanu (ya GPX) ndi mapu osafuna intaneti pa zipangizo ziwiri, kenako zimitsani netiweki n'kuyesa ngati zikutsegukadi. Njira zotulukira zija zikhalenso ndi mafayilo ake. Foni ikamasakasaka netiweki kumene kulibe imamaliza batire msanga, ndiye ikhale pa airplane mode. GPS imagwirabe ntchito. Pawabanki ya 10,000 mAh imadzaza foni pafupifupi kawiri, osati katatu monga nambala ikuonekera, chifukwa mphamvu ina imatayika posintha mavoti. Kuzizira kumafooketsa mabatire, choncho agone pafupi ndi thupi. Dayinamo ya muhabu imapereka mawati atatu pa liwiro la pamsewu, koma pa makilomita 5 pa ola a pachitunda siitchaja kanthu. Mapu a pepala m'thumba losalowa madzi ndi kampasi zikhalepo, ndipo muzidziwa kuzigwiritsa ntchito nkhungu itatseka mbuu, pamene simukuona ngakhale mamita 20.

Kumene kulibe netiweki, kachipangizo koitanira thandizo ka 406 MHz kamatumiza malo anu kudzera m'masetilaiti a Cospas-Sarsat, koma kalembetseni m'dzina lanu. Zipangizo monga Garmin inReach zimadzera m'masetilaiti a Iridium ndipo zimatumiza ndi kulandira mauthenga, zimene zimathandiza kufotokoza vuto lenileni. Mayiko ena, monga India, amaletsa kulowa nazo popanda chilolezo. Wezulo ndi yopepuka: kuimba kasanu n'kamodzi, kupuma mphindi imodzi, n'kubwerezanso, ndi chizindikiro cha ngozi chodziwika m'mapiri a ku Ulaya.

Kwa munthu wotsala kunyumba musangomuuza kuti mubwera Lamlungu. M'patseni pepala lokhala ndi fayilo ya njira, malo ogona usiku uliwonse, njira zotulukira, mtundu wa njinga, wa jekete ndi wa tenti, matenda amene muli nawo, ndi nambala ya opulumutsa anthu kapena apolisi a deralo. Lembani nthawi ziwiri: imene mukuyembekeza kumuimbira, ndi imene iye ayenera kuitana thandizo akapanda kumva kanthu. Pakati pa ziwirizi pakhale maola 12 mpaka 24, malinga ndi kutalika kwa njira yotulukira wapansi ija, kuti tcheni choduka chisadzutse gulu la opulumutsa. Mukasintha njira muli paulendo, muuzeni pamalo oyamba opezeka netiweki, chifukwa ofunafuna amayambira pamzere umene munasiya.